Mudzi Umene Amisi Anajambula pa Khoma Langa

Dzana ndinakumvani, inu ana, mukukangana pakhonde apo chifukwa cha chithunzi cha m'buku lanu la sukulu. Akuti aphunzitsi akufuna munene ngati mudzi wojambulidwawo uli pa chisangalalo kapena pa chisoni. Wina akuti chisangalalo poti dzuwa likuwala, wina akuti chisoni poti mayiyo wawerama. Ine ndinali chigonere pamkeka, msana ukundidya, koma makutu anga sanakalambe ayi. Simunandifunse. Mumati agogo sadziwa kuwerenga, za zithunzi angazidziwe bwanji? Chabwino. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, dzina langa ndimalemba lilime lili panja. Koma za chithunzi ndikuuzani ndine, chifukwa chithunzi chinatsala pang'ono kundichititsa kukwatitsa mwana wa mlongo wanga kwa munthu amene sankamufuna.

Nthawi imeneyo Bwanali sanali kankhalamba kotsokomola mukukaonaka. Ndinali ndi khoka langa la chilimira, mabwato atatu, ndi mawu. Mawu, inu ana! Ndikakuwa kunyanja kuti “Kokani!” nkhuku za kumtunda zinkathawira m'khola. Mphepo ndinkaiwerenga monga mmene shehe amawerengera chitabu: mwera uwu utha mawa, mpoto uyu wabwera ndi usipa, mitambo iyo ndi yabodza. Chambo cha masiku amenewo munthu mmodzi sankachimaliza. Tinsomba mukudya lerotu, tokwana m'thumba la malaya, ife tinkatiponyera m'madzi kuti tikaitane amayi ake. Koma za kumunda ndinalibe nazo ntchito. Khasu sindinaligwirepo chibadwire. Kwa ine chimanga chinkamera mu dengu la amayi a ku Namwera amene ankatsika kudzasinthanitsa ndi utaka wouma.

Msana utandikana, makoka ndinasiyira anyamata, ine ndinamanga tiyirumu pamsewu wopita ku Makokola, pamalo pamene antchito a kuhotela ankatsikira basi. Kanyumba ka zidina, malata ochepa, mabenchi awiri. Tiyi wanga anali tiyi, osati madzi ofiira mumamwa inuwa ndi kathumba ka chingwe. Ankawira m'ketulo yakuda kuyambira m'mawa, mkaka wa ng'ombe yeniyeni, shuga woti supuni iime. Chovuta chinali chimodzi: munthu wina kutsidya kwa msewu anagula wailesi ya makaseti, ndipo anthu anayamba kumwera tiyi wake wozizira chifukwa cha nyimbo.

Zaka zomwezo nkhondo ya ku Mozambiki inafika povuta. Anthu ankatsika kuchokera ku Chiponde, kudzera ku Namwera, mitolo pamutu, ena opanda ngakhale mtolo. Sanali alendo kwenikweni. Chiyao chathu chomwechi, mapemphero a swala omwewa, ena abale athu enieni. Poyamba tinawalandira bwino. Koma chaka chinatha, china chinatha, nkhuni zinatha m'phiri, pachitsime mzere unkafika kumsewu, kuchipatala mabenchi osakwana. Mtima umatopa, inu ana. Wina asadzakunamizeni kuti tonse tinali oyera mtima mpaka mapeto. Tinatopa. Ine ndinatopa msanga kuposa anzanga, ndipo kutopa kwanga ndinkakunena mokweza.

Mwa anthu amenewo munali mnyamata wamtali, woonda, wosayankhulayankhula, dzina lake Amisi. Kwawo ankalemba zikwangwani za masitolo. Anabwera kudzapempha ganyu yosoka makoka, koma kusoka kwake kunali koti usipa ukanatuluka uli chiimire. Ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa. Tsiku lina ndinamupeza akubwezeretsa dzina lofufutika pa bwato langa, zilembo zowongoka ngati za boma. Ndinamupatsa malo m'chisakasa chosungira makoka, kenako nzeru inandibwerera.

“Iwe Amisi, mnzathu uja ali ndi wailesi. Ine ndili ndi khoma. Ndijambulire mudzi wa kwanu pakhoma lonseli. Mumangoti kwathu, kwathu, tsiku lililonse. Tikuone kwanuko.”

“Monga mmene kulili, bwana?”

“Nanga monga mmene kulili kwa yani? Jambula!”

Penti anali wotsala wa mabwato: wobiriwira, wofiira, wachikasu, woyera ndi wamtambo. Bulashi anapanga yekha ndi ubweya wa kumchira wa mbuzi, kumangirira pa kansungwi. Inu lero mumangotobwanya foni, chithunzi chatuluka, mawa mwachifufuta. Iye anatha masabata atatu ataima pa benchi, osafuna munthu womuyankhula.

Tsiku limene anatsika pa benchipo, ine ndinaomba m'manja. Walahi, chinthu chokongola ngati chimenecho sindinachionepo. Phiri kumbuyo. Nyumba zisanu ndi imodzi zozira bwino. Pakati mtengo waukulu wa mango, nthambi zikufuna kuthyoka ndi zipatso, ena achikasu atangoti mbwee pansi. Kumanja munda wa chimanga chouma, zitsononkho zazikulu ngati mkono zitawerama ndi kulemera. Nkhokwe yatsopano pambali, denga lake lili pansi. Kanjira kokhotakhota kobiriwira. Dzuwa likuwala ngati la tsiku la Idi.

Anthu anayamba kubwerera kwa ine. Ndipo aliyense wolowa, ngakhale asanaitanitse tiyi, ndinkamufotokozera ndi ndodo yanga.

“Onani dziko ili! Chimanga mpaka chosowa pochiika. Nkhokwe iyi yadzaza mpaka denga lakana kukhalapo. Mango akuwolera pansi, anthu akhuta. Ife kuno tikudya mchenga, anzathu asiya pepo ngati iyi, paradaiso weniweni, kudzatipanikiza pachitsime!”

Wina anafunsa kuti nanga bwanji mulibe munthu ngakhale mmodzi, ngakhale nkhuku. Yankho ndinali nalo kale. “Mnyamatayu ndi Msilamu wophunzira. Akudziwa kuti kujambula chamoyo sikuloledwa.” Shehe wathu nayenso atabwera anayang'ana khoma lonse, napeza kuti mulibedi cholengedwa chopuma, nati palibe cholakwa, namwa tiyi makapu awiri. Nayenso anali mwana wa msodzi ngati ine.

Kamodzi Amisi anayesa. “Bwana, mangowo...”

“Eya, mango! Tamuoneni, wayamba kale kulakalaka!” Anthu anaseka, iye anatuluka.

Amuna a ku Mozambiki ankabwera nawonso. Ankalowa, kuyang'ana kamodzi, kenako kukhala chofulatira khoma, nkhope kukhomo. Ine ndinkati ndi manyazi, poti ndawaulula.

Tsopano mumvetse za Asiyatu. Inu mwawapeza atakalamba, akukukalipirani za mbale zosatsuka. Nthawi imeneyo anali namwali wa maso akuthwa, mwana wa mlongo wanga. Kwathu kuno mukudziwa, nkhani ya mwana wamkazi mwini wake si bambo, ndi mjomba, mlongo wa amayi ake. Mwini mbumba ndinali ine. Asiyatu ndiye ankabweretsa masikono ku tiyirumu m'mawa uliwonse kuchokera kunyumba, kumene agogo anu aakazi, Abiti Juma, ankawaphika. Masabata atatu aja a penti, ndinkadabwa kuti masikono akufika msanga koma wobweretsa akuchedwa kubwerera. Ndinkati akuonera luso.

Mlongo wanga ndiye anabwera kudzandiuza, akukanda pansi ndi chala, kuti Amisi akufuna Asiyatu, nayenso Asiyatu akumufuna.

Ndinakana. Ndipo sindinakanire kunyumba ayi, ndinakanira mu tiyirumu, anthu ali tho, Amisi ali pakhomo.

“Kuno mkamwini amamanga nyumba kwa mkazi. Ana amakhala a kuno. Tsopano tayang'anani pakhomapo! Munthu wa mudzi ngati uwo angakhale pa mchenga wathu uno? Nkhondo ikangoti zii, adzanyamula mwana wathu usiku umodzi, kukamuika kuseri kwa phiri ilo. Ana ake tidzawaona liti? Mbumba yanga siwoloka malire, ine ndili moyo!”

Musandiyang'ane choncho. Sizinali nkhanza zokha. Ndinkaopadi. Mlongo wanga anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekhayo, ndipo mtundu wathu unali m'mimba mwa ameneyo.

Panali munthu wina wogula nsomba wa ku Limbe, wa galimoto yakeyake, wamimba, wa mkazi kale mmodzi. Anali atandinong'oneza kawiri za Asiyatu, akulonjeza kumanga nyumba ya malata pamudzi pathu pompano. Ndinamutumizira mawu kuti ankhoswe ake abwere Lachisanu tikatuluka ku mzikiti.

Asiyatu anandipeza ndikutsuka makapu.

“Amjomba, iyeyo mwamufunsa ngati akufuna kubwerera?”

“Ndimufunse chiyani? Khoma landiuza kale.”

“Khoma limayankhula?”

“Limayankhula kwa anthu amaso. Pita kunyumba.”

Anapita. Masikono anasiya kubweretsa, chakudya anasiya kudya. Mlongo wanga ankangolira kuseri kwa nyumba. Ine ndinkati zitha, atsikana amatero.

Lachinayi m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, ndinangoona pakhomo pada. Abiti Juma. Inu ana, agogo anu aja anali asanapondepo mu tiyirumu chiimangire. Masiku amenewo mkazi wolemekezeka sankalowa pomwera amuna tiyi, komanso kuchokera kunyumba kufika kumsewu unali ulendo. Iwo sanali a kunyanja. Ndinakawatenga kumapiri a ku Namwera, mwana wa mlimi, manja olimba ngati chikopa. Anatula dengu la masikono pansi, napereka salamu kwa amuna onse, naima patsogolo pa khoma.

“Ndabwera kudzaona chinthu chimene chikupha mwana ndi njala.”

Ndinatenga ndodo yanga. “Waona? Ichi ndi chimanga, iyi ndi nkhokwe yodzaza mpaka...”

“Takhalani chete kaye, Che Bwanali.”

Pamaso pa anthu! Zaka zonse za ukwati wathu anali asananditero. Benchi lonse linasiya kutafuna.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anayandikira, nabwerera m'mbuyo, nayandikiranso. Kenako anafunsa osanditembenukira.

“Mango awa apsa?”

“Apsa. Sukuona chikasucho?”

“Mango amapsa liti?”

“Mvula ikamayamba. Ndi mwana yemwe akudziwa.”

“Nanga chimanga timakolola liti?”

Ndinayang'ana ku benchi. Asodzi anzanga anayang'ana m'makapu.

“Ndikuuzeni m'chinenero chanu cha kunyanja,” anatero. “Timakolola mwera ukamayamba. Werengani miyezi kuchokera pa mwera kufika pa mango. Mango akamapsa munda umakhala wososa kale, mizere itaungidwa, mbewu ili m'manja tikuyang'ana kumwamba. Chimanga chouma ndi mango akupsa sizikumana, Che Bwanali. Zikakumana ndiye kuti chimangacho palibe anachikolola.”

“Mwina chinachuluka...”

“Mlimi amasiya chimanga m'munda chifukwa chachuluka? Inu munasiyapo chambo m'khoka poti chadzaza?” Analoza nkhokwe. “Denga timalitsitsa tikafuna kuthira chimanga. Tayang'anani m'mipata ya nsungwizi. Mukuona chiyani?”

Ndinayandikira. Miyezi yonse ija ndinali ndisanayandikirepo, ndinkaima patali ndi ndodo. M'mipata ya nsungwi munkaoneka penti wamtambo. Thambo linkaonekera mbali ina.

“Ilibe kanthu,” anatero. “Anaimanga, anatsitsa denga, basi. Nanga mango awa ali pansiwa, mwaonapo limodzi lolumidwa? Mudzi uti umene mango angagone pansi athunthu? Ana ali kuti? Njira iyi mukuti yokongola, yabiriwira chifukwa palibe akuiponda. Nyumba zisanu ndi imodzi, utsi palibe ngakhale pa imodzi.”

“Koma shehe anati...”

“Utsi nawonso ndi chamoyo?”

Pakona panali bambo wina wa ku Mozambiki, mmodzi wa ofulatira khoma aja. Anaika kapu yake pansi mosamala, tiyi ali theka, natuluka akupukuta kumaso ndi kofia.

Abiti Juma ananyamula dengu lawo lopanda kanthu. Pakhomo anaima.

“Miyezi yonseyi mwakhala mukumwetsa anthu tiyi pamaliro, mukuwalozera ndi ndodo.”

Ketulo ndinaisiya pamoto. Ndinatsikira kugombe dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha, ndipo ndinamupeza Amisi atagwada pambali pa bwato la munthu wina, akulemba dzina.

Sindinadziwe poyambira. Ine kupepesa sindinaphunzire, ngakhale lero sindikudziwa bwino.

“Iwe. Chimanga chija.”

Sanadzutse mutu. “Mwachiona, bwana?”

“Andionetsa.”

Anaviika bulashi, namaliza chilembo chimodzi, kenako anayankhula ngati akuuza bwatolo. Anati pamene nkhondo inafika pamudzi pawo iye anali kutauni ku ntchito ya zikwangwani, ndipo kunali kutatsala masiku ochepa kuti akolole. Anathawa ndi anthu a kutauniko. Atakhala miyezi ku malire, osamva kanthu, anabwerera yekha kudzera m'tchire kukafuna amayi ake, alongo ake ndi amjomba ake. Anafika nthawi ya mango. Anakhala pansi pa mtengo uja masana onse akuitana mayina.

“Ndinatola mango awiri kuti ndidye m'njira. Ndinawataya pa mtsinje.”

“Ndiye bwanji sunandiuze?”

“Ndinayambapo, bwana. Munamaliza ndinu.”

Ndinakhala pansi pamchenga wotenthawo, ine mwini mabwato atatu.

“Ndilifufute ndi laimu khomalo?”

“Ayi, lisiyeni. Kwina koti ndikauone mudzi wathu kulibe.”

Kenako ndinakonza kukhosi, ndinayesa kubwezeretsa ulemu wanga. “Wa ku Limbe uja ndimubweza lero lomwe. Iwe mawa tikatuluka ku mzikiti ubwere ndi ankhoswe ako, tikambe za Asiyatu monga mwa mwambo.”

Apa ndi pamene anandiyang'ana.

“Ankhoswe ati, bwana? Amene ndinali nawo ndi a m'nyumba zisanu ndi imodzi zija.”

Mukudziwa inu kuti ukwati wopanda ankhoswe si ukwati. Shehe akhoza kuwerenga ndowa, kumanga ukwati wa Chisilamu, koma pamudzi pafunika munthu wa kuchimuna wokhala pamkeka, woti anene kuti uyu ndi wathu, tikumudziwa, zikavuta tidzayankha ndife. Othawa nkhondo anzake analipo, koma anali a midzi ina, anamudziwira kuno komwe, ndipo aliyense ankayembekeza kubwerera kwawo tsiku lililonse. Nkhoswe safunika munthu wa pa ulendo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kwa mng'ono wanga Yusufu. Ameneyu ndinkamutuma ngati mwana ngakhale anali ndi imvi, ndipo pa milandu ya mbumba ankangokhala kumbuyo kwanga kuvomera. Ndinamuuza kuti mawa mbali ya Asiyatu akhalira ndi iye.

“Nanga inu achimwene mukhala kuti? Mukudwala?”

“Usandifunse zambiri.”

Lachisanu anayala mikeka iwiri pansi pa mtengo kwa mlongo wanga. Mkeka wa kuchikazi unadzaza mpaka ena anakhala pa mitondo. Pa mkeka wa kuchimuna panali anthu awiri: Amisi, atavala kanzu yanga imene inkamulekeza m'mawondo, ndi ine. Ndinavula nsapato patali ngati mlendo. Ndinalowa chowerama pabwalo limene ndinabadwirapo.

Yusufu tsiku limenelo anadya bwino. Anakhala pampando wanga, miyendo atapingasa, akutokosa m'mano.

“Alendo, takulandirani. Nkhope yanu ikukhala ngati ndinaionapo penapake. Mwati dzina ndani?”

Akazi anabisa nkhope m'zitenje.

“Bwanali,” ndinatero.

“Che Bwanali. Ndiye mwatsata chiyani pamudzi pathu pano? Ngati ndi utaka watha.”

“Tabwera kudzapempha mwana wanu Asiyatu, kuti mnyamata wathuyu amange nyumba pano.”

“Mnyamata wanu? Ife tinamva kwa munthu wina wamkulu, pa tiyirumu ina yake, kuti ameneyu ndi wa chuma chambiri, adzatithawitsira mwana. Kodi munthu wamkuluyo ananama?”

Ndinayankha chapansipansi. “Ananama.”

“Mwati?”

“Ananama, Yusufu!”

“Pano ndine ankhoswe a kuchikazi, bambo, osati Yusufu.”

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ngakhale Asiyatu amene anali m'nyumba ndinamumva. Ndinapirira. Ndinali nditazipempha ndekha.

Kenako Yusufu anatsitsa mwendo, nasiya kuseka, nafunsa mafunso amene nkhoswe aliyense amafunsa.

“Akalakwira mwana wathu, tikadandaule kwa yani?”

“Kwa ine.”

“Akadwala, tikaitane yani?”

“Ine.”

“Mulungu akamutenga ali pamudzi pano, uthenga tikanene kuti?”

Amisi anaweramitsa mutu. Funso limenelo yankho lake limakhala dzina la mudzi, ndipo onse pabwalopo anadziwa kuti dzinalo lilipo koma wolandira uthenga kulibe.

“Mudzanene kunyumba kwanga,” ndinatero.

Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu. Kugombe kunachepa anthu, pachitsime mzere unafupika, ndipo tinayamba kuwasowa omwe tinkawadandaula aja. Amisi anathandiza anzake kukweza mitolo, nawatsazika, nabwerera kukamaliza kufolera khitchini ya Asiyatu. Anakhala nafe zaka zambiri, anabereka ana asanu, analemba dzina pa bwato lililonse kuchokera kwa Mponda mpaka ku Chembe. Milandu ya m'banja mwake inandipeza kawiri kokha, ndipo kawiri konseko wolakwa anali Asiyatu.

Ine ndinkadziwa kuti wamkulu ndine, adzanyamula jeneza la maliro anga ndi Amisi. Koma m'mawa wina, nditangomaliza swala, ndinaona Yusufu akubwera ndi ndodo yake, pang'onopang'ono. Sanalowe ngati m'bale. Anaima kunja kwa mpanda, navula nsapato, naodira ngati munthu wochokera kutali.

“Tabwera kwa eni ake a Amisi,” anatero.

Ndinamuyalira mkeka, ndinakhala pansi, ndinalandira uthengawo.